Wakuba Amene Ndinamutsekera M'nyumba

"Kodi amake Esinati, supuni ija munaipeza, kapena ife tikadali akuba?"

Anandifunsa choncho a Nabanda dzulo kuchitsime, pamaso pa amayi onse, chonsecho yankho akulidziwa bwino chifukwa analipo tsiku limene inapezeka. Amafunsa dala. Papita miyezi isanu, mvula yagwa, chimanga chayamba kukhwima, koma funso limeneli silikalamba. Ine ndimangoseka n'kusenza mtsuko wanga (watsopano, za maliro a wakalewo mumva kutsogoloku). Ndaona kuti kuli bwino nkhaniyi ndiilembe ndekha, chifukwa mmene ikukambidwira kuchitsimeko, ine ndikutuluka wopusa kuposa mmene zinalili. Kupusa kunalipo, sindikana. Koma ndiwo tinadya.

Supuni imeneyi sinali supuni wamba. Ndinailandira kusukulu ya m'mudzi mwathu muno ku Chipangali, ngati mphoto ya kusoka, chaka chimene ndinamaliza Sitandade 2. Inali yachitsulo, yolemera bwino m'manja. Tsiku lomwelo ndinaikanda ndi msomali pakhosi pake, kamtanda kamodzi ndi timizere tiwiri, kuti isadzasokonekere. Mbali yathu yonse ya mudzi supuni yachitsulo inali imodzi yomweyo. Mlaliki akabwera, supuni yanga. Wina akabwera ndi mankhwala a m'botolo kuchokera ku Boma, supuni yanga. Koma amene ankaibwereka kwambiri ndi a Nabanda, oyandikana nawo nyumba. Ankabweza ndithu, koma mochedwa, ndiponso yosatsuka.

Kupatula supuniyo, kusukulu ndinachokako ndi kuwerenga, kulemba, ndi Chingerezi chochepa chimene chandithawa pafupifupi chonse. Liwu limodzi lokha ndilo linakana kuchoka m'mutu: hanti. Aphunzitsi a Tembo, amene anaphunzira uphunzitsi wawo ku Madzimoyo, anatiuza kuti ndiko kusaka nyama ndi agalu, monga amachitira Azungu a m'minda ya fodya. Anati Mzungu akataya kiyi n'kumagubuduza nyumba yonse, akutinso hanti, ndipo asilikali a Boma akamalondola munthu wolakwa, ndi hanti yomweyo. Ine ndinaimika mkono n'kufunsa kuti, "Nanga munthu wongokhala phee pa una, kudikira kuti mbewa ituluke?" Iwo anati imeneyo si hanti ayi, ndi ulesi. Ana onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinazisunga.

Tsono chilimwe chathachi, kutatsala sabata kuti amuna achite uzimba wotentha tchire, supuni inasowa. Ndinaifuna m'mitsuko, m'madengu, paphaso, pansi pa mphasa, mpaka ndinasefa phulusa lonse la kudzala ndi lichero. Nditafunsa bambo a Esinati, anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo (mwezi umenewo kulibe mitambo) n'kunena kuti, "Zinthu zobwerekedwabwerekedwa zimatero." Mawu amenewo anandilowa. Madzulo ake ndinapita kwa a Nabanda mwaulemu wanga wonse.

"A Nabanda, mwina kasupuni kaja kanagwera m'dengu lanu inu osadziwa."

"Dengu langa lilibe manja," anayankha choncho, osasiya kupeta. "Kapena mukunena manja angawa?"

Kuyambira tsikulo moni anatha pakati pathu. Tinkadutsana panjira ya kuchitsime aliyense akuyang'ana mtengo wake.

Ndikuuzeniko za bambo a Esinati. Ndi mkamwini muno, kwawo ndi cha ku Mwami. Kulima amalima, kufolera nyumba palibe wowaposa, ndipo sanandikwezerepo mawu. Koma uta unawakana. Anali atapita ku uzimba zaka zinayi osalasako ngakhale gwape. Ndipo lamulo la uzimba mukulidziwa: woyamba kulasa ndiye mwini nyama, ngakhale angoikanda pang'ono, woitsiriza, amene timati wosomola, amalandira mwendo wakutsogolo, ena onse amayembekeza chifundo. Ife tinali a chifundo chaka ndi chaka. A Mbewe, amene ali ndi agalu asanu ndi pakamwa pa anthu khumi, anawapatsa bambo a Esinati dzina lakuti Wonyamulazaeni, popeza pobwera kutchire iwo ndiwo ankasenza nyama za anzawo. Dzinalo linafika mpaka kuchitsime. Munthu wamkulu ankaseka nawo, koma pakhomo ndinkaona kuti nsima ikumukakamira pakhosi.

M'mawa wa uzimbawo anaima pakhonde, uta paphewa, n'kundipatsa malamulo a kwawo.

"Amake Esinati, lero mundithandize. Chitseko musatseke, mungatseke njira ya nyama. Musagwire munsi, nyama zimamva mdidi wa mtondo n'kuthawa. Ndipo musakangane ndi munthu, agalu angalumane okhaokha."

"Zaka zinayi zonsezi chitseko ndinkatseka ndine?"

"Sindinatero. Ndangoti mundithandize."

Ine ndine wa ku tchalitchi, za chitsekozi sindizikhulupirira. Koma kusiya chitseko chotsegula sikudya ufa. Ndinavomera.

Dzuwa litafika pamutu, utsi unali tolotolo kuphiri, agalu akumveka chapatali. M'mudzi munali zii, amayi ena ali kudimba, ena kuchitsime. Ine ndinakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa nkhokwe, Esinati ali kumsana, ndikusenda nsawa za mbewu. Ndipo ndinamva m'nyumba mwanga kuti gubudu! Chivundikiro cha mphika. Ndinati nkhuku. Kenaka ndinamva kupuma, kupuma kwa wefuwefu, kwa munthu wathupi amene wayenda mofulumira. (A Nabanda ndi mayi wathupi. Akakwera kamtunda ka kuchitsime amapuma chimodzimodzi. Izi ndikunena kuti mundimvetse, osati kuti ndiwanyoze.)

Mtima unangoti: wabweranso. Waona chitseko chili pululu, wati mwini wapita kudimba.

Ndinaika lichero pansi mosachita phokoso, ndi kuyenda chonyang'ama m'mbali mwa khoma. Chitseko chathu ndi cha matabwa a bokosi, ndipo bambo a Esinati anachikhoma chotsegukira kunja (sanafunse munthu). Choncho ndinangochikankha ndili kuseri kwake, osasuzumira n'komwe mkatimo. Phaa! Ndinachitchinjiriza ndi chipika, n'kugubuduzira mtondo pomwepo, ine n'kukhala pamtondopo ngati mfumukazi. Lamulo loyamba linathera pamenepo.

Ndipo ndinayamba kulankhula. Sabata yonse ndinali nditasunga mawu, ndipo anatuluka mwadongosolo.

"Mwalowa nokha, a Nabanda, palibe wakuitanani. Supuni sinakukwanireni? Lero mwadzera chiyani, mthiko? Chipande? Nenani, ndikupatseni ndi manja awiri. Ine ndakhala ndikukubwerekani chinthu changa zaka zonsezi, muchibweza chili ndi phala louma, ine osanena kanthu. Mukhala momwemo mpaka amuna abwere, akuoneni ndi maso awo."

Mkatimo munamveka kuti nkhuuu, chapansipansi.

"Musalire. Kulira sikubweza supuni."

"Pitirizani, amake Esinati," anatero mawu kumbuyo kwanga. "Ndikumva bwino kunoko. Mwafika pa phala louma."

Ndinacheuka. A Nabanda anali chiimire pabwalo, mtsuko wamadzi uli pamutu, dzanja lili m'chiuno. Sindidziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Iwo amati anamva kuyambira pa mthiko.

Chimene ndinatha kunena n'chakuti, "Ngati inu muli kunoko, nanga m'nyumbamu muli yani?"

"Mukufunsa ine? Kapena ndi mng'ono wanga. Paja kuba n'kwakumtundu."

Asanatseke pakamwa, chitseko chinagundidwa mkatimo mwamphamvu mpaka mtondo unandidumphitsa. Kenaka phwaa! mtsuko wanga, madzi n'kuyamba kutuluka pansi pa chitseko. Ndinasuzumira pa mng'alu wa matabwa. Ndinaona kadiso kakang'ono kofiira, nkhope yotupatupa ngati ya njerewere, ndi mano awiri okhotera kumwamba. Njiri! Paja njiri ikathamangitsidwa imafuna dzenje, n'kulowamo chafutambuyo. Iyi inathawa moto, inaona khomo lamdima lili chitsegukire, n'kuyesa dzenje laulere.

A Nabanda anatula mtsuko (mosataya ngakhale dontho, ndiwayamikire) ndipo mmene ndimati ndicheukenso anali atakwera kale pa phaka la nkhokwe. Munthu wathupi uja.

"Tsegulani ithawe!" anakuwa. "Itsiriza zonse m'menemo!"

Ndinagwiradi chipika chija kuti ndichotse. Koma ndinaganiza. Zaka zinayi tikudya za chifundo, lero ndiwo yabwera yokha ndi miyendo yake mpaka kulowa m'nyumba, ine ndiitsegulire ndi kuitsazika? Zosweka zasweka kale. Ndinasiya chipika pamalo pake. Vuto linali mwana kumsana.

"A Nabanda, ndigwirireni Esinati."

"Ine? Wakuba? Mundipatse mwana? Simukuopa kuti ndimuika m'dengu?"

"Ndapota nanu, amnzanga. Zinazo tikamba."

"Tikambadi," anatero, akutambasula manja. Mwana anamulandira bwino, mpaka kumupukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu yawo.

Njiri itaona kuti chitseko chakanika, inayamba kuzungulira. Ndinkaitsata ndi khutu kunja kwa khoma. Ndinamva dengu la ufa likugwa. Ndinamva mbale. Ndinamva kung'ambika kwa chinthu chimene mtima wanga unachizindikira, koma ndinakana kuchiganizira. Kenaka inaima kumbuyo, pamene chiswe chinadya nsichi ziwiri (malo amene ndinali nditawauza bambo a Esinati katatu kuti akonze), ndipo inayamba kukumba.

Ndinatenga munsi. Lamulo lachiwiri.

Ndinaima pambali pa malowo, munsi uli m'mwamba, n'kudikira. Abale, kudikira ndimakutha. Munthu amene waphikapo nyemba zouma ndi nkhuni zaziwisi, amene wagonekapo mwana womera mano, sangatope ndi njiri. Dothi linayamba kugwa pang'onopang'ono. Manja anachita dzanzi, ndinatsitsa munsi, ndinaukwezanso. Thukuta linkalowa m'maso.

"Imenyeni!" a Nabanda ali pankhokwe.

"Ndimenye khoma? Sinatuluke."

Inatuluka mphuno, yoyera ndi ufa wanga.

"Imenyeni tsono!"

"Mphuno sapha nayo nyama. Ndikudikira makutu."

Inakankha, inakankhanso, mutu wonse n'kutulukira, mapewa n'kukanirira pakati pa nsichi. Ndipo pa dzino lake lakumanzere panali patakoledwa nsalu yanga ya ku tchalitchi, yamaluwa, imene tinagula kwa Mmwenye ku Boma nsalu zisanayambe kusowa ndi nkhondo ya Azunguyi. Inatuluka itaivala ngati mpango wa mkwatibwi.

Pamenepo chifundo chinandithera. Koyamba ndinaphonya, ndinagumula khoma langa lomwe. Kachiwiri ndinaipeza pakati pa makutu. Kachitatu ndinatsitsa ngati pokonola chimanga chouma, ndikukuwa mawu amene sindingawalembe pano (a Nabanda anatseka makutu a mwana). Njiri inangoti nyomi, osagwedezekanso. Ngati kutukwana njiri kuli kukangana, ndiye kuti lamulo lachitatu ndinaliswa kawiri.

Sipanapite nthawi, agalu anatulukira akununkhiza pansi, kutsata magazi. Pambuyo pawo a Mbewe, kenaka gulu lonse la amuna ali bii ndi mwaye, aphunzitsi a Tembo ali ndi ambulera yawo, ndipo kumapeto kwenikweni bambo a Esinati, atasenza gwape wa eni. Anafika, anatula gwapeyo, anayang'ana mtondo, chipika, madzi pakhomo. Mawu awo oyamba anali akuti, "Ndani watseka chitseko?"

"Zungulirani kuseri," ndinatero.

Amuna atauona mutu uja uli pakhoma ndi nsalu yamaluwa, anayamba aima duu, kenaka anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Mbewe okha ndiwo sanataye nthawi.

"Nyama yanga imeneyo. Ndinailasa kudambo, pantchafu. Bango la muvi linathyokera m'tchire, koma chitsulo chili momwemo. Amake Esinati, mwasomola bwino, mwendo wakutsogolo ndi wanu. A Wonyamulazaeni, gwirani uko, tiikokere kwathu."

Magazi pantchafu analipodi. Panalibe wowatsutsa. Bambo a Esinati anawerama kuti agwire mwendo, ndipo ndinaona khosi lawo mmene linagwera. Ine nyumba yagumuka, ufa watayika, nsalu yapita, ndipo nyama ituluke pakhomo panga kupita kwa eni, atanyamula mwamuna wanga yemwe? Koma lamulo ndi lamulo. Ndinangopempha kuti aitumbulire pomwepo, kuti mwendo wanga ndiuone ukudulidwa.

Anaikoka (khoma linagumukanso pena), anang'amba ntchafu, n'kusolola chitsulo chija. A Mbewe anachiponya pansi kuti apitirize ntchito. Tsono ine ndili ndi chizolowezi: chinthu chakuda chikagwa pabwalo panga ndimatola n'kutsuka. Ndinachiviika m'madzi a mumtsuko wa a Nabanda, n'kuchipukuta ndi chala. Kutsogolo chinali chosulidwa bwino, chosongoka ngati tsamba. Koma kumbuyo, kumene chimalowa m'bango, chinali chopyapyala mwa mtundu wina. Ndipo pakhosi pake panali kamtanda kamodzi ndi timizere tiwiri.

Ndinaimirira, chitsulocho chili m'manja.

"A Mbewe, muvi wanuwu anasula ndi chitsulo chanji?"

"Khasu lakale la amayi anga. Bwanji?"

"Khasu la amayi anu linafika Sitandade 2?"

Ndinachipereka kwa aphunzitsi. Anachitembenuza, anachiyandikiza kumaso, n'kunena kuti, "Iyi ndi supuni. Ndinaipereka ndine ndi dzanja langali, ndipo ndinamukalipira mwanayu chifukwa choikanda tsiku lomwelo."

Aliyense ankadzifunsa chinthu chimodzi: supuni ya mayi wa pakhomo ilowa bwanji m'ntchafu ya njiri? A Nabanda anatsika pankhokwe pang'onopang'ono, mwana ali m'manja, kuti asaphonye kanthu. Ine ndinayang'ana bambo a Esinati. Anali akuwerenganso mitambo.

Ndinawayandikira n'kulankhula motsitsa, koma osati motsitsa kwambiri.

"Bambo a Esinati, sankhani. Mukhale munthu wolungama wonyamula za eni, kapena mukhale wakuba supuni mwini nyama."

Anayang'ana njiri, yonona, mafuta ali mbuu pamene anaing'amba. Anayang'ana a Mbewe. Anayang'ana a Nabanda, n'kubweza maso msanga.

"Muviwo ndi wanga," anatero. "Supuni ndinatenga ndine. Ndinapita nayo kwa wosula."

"Chifukwa chiyani, bambo inu?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndinati chitsulo chozolowera chakudya sichingaphonye ndiwo."

Chiphwete chimene chinabuka pamenepo agalu anachita kuthawa. Atawapanikiza kuti afotokoze, anati njiri inawatulukira ali pachulu, anaponya muvi, kenaka anakwera mtengo kuti aone bwino kumene yalowera. ("Kuti aone bwino!" anatero a Nabanda, ndipo mawu amenewanso sanafe mpaka lero.) Iwo ankayesa kuti aphonya, ndipo njira yonse ankalira mumtima kuti ataya nyama ndi supuni yomwe.

A Mbewe anayesa kunena kuti mwina mivi inalowa iwiri. Anafufuza ntchafu yonse, anatembenuza nyama, bala linali limodzi. Pamapeto pake anapukusa mutu n'kuseka nawo. Ndipo popeza mwini nyama sagwira yekha miyendo poidula, bambo a Esinati anaima chilili, mpeni uli m'manja, n'kunena mofatsa kuti, "A Mbewe, tagwirani uko." Ndinakhala ndi moyo kufikira kumva mawu amenewo. Wolasa wa m'nyumba mwathu, wosomola wa m'nyumba mwathu. Tsiku limenelo a chifundo anali ena, ndipo tinawagawira bwino, a Mbewe tinawapatsa nthiti.

Aphunzitsi polandira gawo lawo anandiuza kuti, "Amake Esinati, hanti zonse zitatu mwazichita inu nokha: mwafuna chotayika, mwagwira wolakwa, mwapha nyama."

"Pali yachinayi, aphunzitsi. Yodikira pa una ija. Munati ndi ulesi."

Anakanda kumutu ndi chigwiriro cha ambulera. "Bukulo analemba Azungu," anatero. "Sadziwa mbewa."

Chinatsala ndi chovuta chija. Ndinatenga mwendo wanga wakutsogolo, wonse, ndinauika m'lichero, n'kukagwada pakhomo pa a Nabanda anthu akuona.

"Ndinakulakwirani, amnzanga. Pakamwa panga panathamanga."

Anauyang'ana mwendowo, anaukweza kuyesa kulemera kwake. "Mwendo ndalandira. Mlandu watha. Koma funso ndi langa, ndidzakufunsani mpaka tidzakalambe."

Ndi limene munalimva poyamba lija. Bambo a Esinati nawo anakawafolerera khitchini yawo osauzidwa kawiri.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kusaweruza munthu ndisanasuzumire. Ndimayesa. Koma sabata yatha singano yanga yaikulu inasowa, ndipo ndisanafune n'komwe pansi pa mphasa ndinapezeka ndikusanthula m'phodo la mivi la bambo a Esinati (singanoyo inali pa nsalu imene ndinavala). Iwonso anaphunzira zawozawo: akuti malamulo a kwawo aja ndi oona, popeza chitseko chotsegula ndicho chinaitana nyama. Za kutseka, munsi ndi kukangana sazitchula. Chitsulo chija anachiika m'bango latsopano ndipo akukana kundibwezera. Esinati akudya phala ndi kasupuni kamtengo.

Dzina la Wonyamulazaeni linafa tsiku lomwelo, ndipo nyama yofutsa inatifikitsa mpaka mvula yoyamba. Zimene zinatayika ndi izi: supuni imodzi, mtsuko umodzi, mbale ziwiri, dengu la ufa, nsalu ya ku tchalitchi, khoma lakumbuyo, ndi mwendo wakutsogolo umodzi, wonona, umene unali wanga ndithu.